Tifunseni za Zolemba: Ndikapita ku msonkhano wa alembi achikhristu buku langa litulukadi?

Mwezi uno makalata atatu abwera okamba nkhani imodzi, ndiye ndangoti ndiwayankhire pamodzi. Mayina ndachotsa monga timachitira nthawi zonse.

FUNSO: Anti, ndine mayi wa zaka 52, kwathu ndi ku Ntcheu koma pano ndikukhala ku South Bend kuno ku Indiana, ku America, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Amuna anga anamwalira ndikadali kumudzi, ndipo zimene ndinadutsamo maliro atatha, kulandidwa nyumba, ziwiya mpaka njinga ya mwana, komanso mmene Mulungu ananditulutsira mmenemo, ndakhala ndikuzilemba usiku ndikaweruka ku shifiti. Zafika masamba 180, zambiri m'Chichewa koma machaputala ena ndinayamba kuwatembenuza kupita m'Chingerezi. Mnzanga wa kutchalitchi wandiuza za msonkhano wa alembi achikhristu wa Write-to-Publish umene umachitikira ku Wheaton kufupi ndi Chicago, akuti kumabwera akonzi ndi osindikiza mabuku. Ndalama yake si yamasewera ndipo ndiyenera kupempha ma off masiku angapo. Ndipite? Ndikapita ndinyamule buku lonse? Ine ndimakhulupirira kuti anandiuza kulemba bukuli ndi Mulungu ndiye sindikufuna munthu alisinthe.
Mayi wa ku South Bend

YANKHO: Achemwali anga, choyamba pepani ndithu ndi zimene munakumana nazo, ndipo mwachita bwino kuzilemba. Masamba 180 olembedwa munthu atatopa ndi shifiti si nkhani yaing'ono ayi.

Pitani. Kuchokera ku South Bend ndi pafupi, pagalimoto ndi ma awazi awiri kapena kuposerapo pang'ono, ngati simuyendetsa mukwera sitima ya South Shore mpaka Chicago kenako ya Metra yokafika ku Wheaton. Anzathu ali kuno kumudzi amafunika viza ndi tikiti ya ndege kuti akafike pamalo amenewo, inu muli nawo pakhomo. Koma ndikufuna mupite mukudziwa chimene mukukatenga, chifukwa anthu ambiri amabwerako ku misonkhano yotereyi atakhumudwa, osati poti msonkhano unali woipa koma iwo ankaganiza kuti akabwerako kontirakiti ili m'chikwama. Sizichitika choncho kawirikawiri.

Zimene zimachitika kumeneko ndi izi. M'mawa mapemphero ndi chiphunzitso cha onse pamodzi, kenako mumagawikana m'makalasi, ena za nkhani zopeka, ena za mabuku a moyo wa munthu ngati lanulo, ena za timauthenga ta tsiku ndi tsiku, ena za nkhani za m'magazini. Ndiye pamakhala chimene aliyense amachithamangira, kukumana ndi mkonzi kapena agent maso ndi maso, ndipo nthawi yake imakhala mphindi 15 zokha basi, zikatha wina ali kale pambuyo panu akudikira mpando. Agent ndi munthu amene amayimira mlembi, amakagulitsa buku lanu kwa osindikiza iye n'kumatengako gawo lake, ku America kawirikawiri ndi 15 peresenti ya zimene inu mwapeza, ndipo agent weniweni sakulipiritsani kanthu buku lisanagulidwe. Makampani akuluakulu ambiri kumeneko salandira zolemba za munthu wongotulukira, amafuna zidzere kwa agent, n'chifukwa chake mphindi 15 zimenezi anthu amazitenga ngati golide.

Buku lonse musanyamule kukapereka, palibe angalandire mtolo wa mapepala woti akakwere nawo ndege. Konzani pepala limodzi, iwo amati one-sheet, pamenepo pakhale mutu wa buku, ndime imodzi yonena zimene bukulo likukamba, anthu amene mwawalembera, kutalika kwake powerenga mawu osati masamba, ndi mizere ingapo ya inuyo ndi imelo yanu. Mutengenso chaputala choyamba chotaipidwa bwino, chodumphitsa mizere. Mkonzi akachita chidwi adzati nditumizireni proposal, ndiye kuti chikalata chofotokoza buku lonse chaputala ndi chaputala, mabuku ena ofanana nalo amene ali kale pamsika ndi mmene lanu likusiyanirana nawo, kuphatikizapo machaputala awiri kapena atatu. Akatero mutumizedi mukangofika kunyumba pasanathe masabata ambiri, ndikunena izi chifukwa alipo ambiri amapemphedwa proposal koma osatumiza, mantha amawagwira akafika kunyumba.

Adzakufunsaninso za platform. Tanthauzo lake n'lakuti ndi anthu angati amakudziwani kale amene angagule buku likatuluka, kodi mumayankhula m'misonkhano ya amayi, muli ndi otsatira angati pa Facebook, mumalemba m'magazini iliyonse? Funsoli limapweteka munthu amene wabwera ndi umboni wa misozi, ndikudziwa, koma musalitenge ngati chipongwe, kampani imaika ndalama zake pa buku ndiye imafuna kudziwa ngati zibwerere.

Tsopano mawu amene ndikufunitsitsa muwamve. Dera limene mukupitalo ndi phata la mabuku achikhristu ku America, Crossway ili mu Wheaton momwemo, Tyndale ili ku Carol Stream kongoyandikana, Moody ili ku Chicago, mukawoloka kupita ku Michigan ku Grand Rapids kuli Zondervan ndi Baker. Onsewa amasindikizira owerenga a Chingerezi. Ndiye musanalipire kalikonse khalani pansi mudzifunse, bukuli ndalembera ndani? Ine powerenga kalata yanu ndikuona mayi wina wa ku Ntcheu, kaya ku Dedza, kaya ku Mulanje, amene amuna ake aikidwa m'manda sabata yatha ndipo achibale a malemu ayamba kale kuwerenga malata a nyumba. Mayi ameneyo akufunika kumva kuti wina anadutsamo ndipo ali moyo, akufunikanso kudziwa kuti kuyambira 2011 Malawi ali ndi lamulo la chuma cha masiye limene limati kulanda katundu wa wamasiye ndi mlandu. Mayi ameneyo sadzalowa m'shopu ya mabuku ku Chicago, ndipo Chingerezi mwina samva. Ngati ndi iyeyo amene munkamuona m'maganizo pamene munkalemba usiku uja, musamuthawe chifukwa choti msonkhano uli m'Chingerezi. Malizani la Chichewalo kaye, ndilo lili ndi mtima wanu. Khomo lake lili kuno, kuli CLAIM ku Blantyre, kuli Montfort Media ku Balaka, kuli Kachere ku Zomba ndi Luviri Press ku Mzuzu ngakhale awiri omalizawa amakonda kwambiri mabuku a mbiri ya mipingo ndi za maphunziro a zaumulungu. Alembereni mufunse ngati akulandira zolemba za mtundu wanu.

Luka uja polemba uthenga wake anayamba ndi kutchula munthu mmodzi, Teofilo, ndipo ananena poyera kuti anafufuza zonse mosamala kuyambira pachiyambi kuti azilembe mwadongosolo. Werengani mavesi anayi oyambirira a Luka 1 muone. Munthu wotsogozedwa ndi Mzimu koma anafufuza, anasanja, ankadziwa amene akumulembera. Apa ndi pamene ndikufika pa mawu anu akuti simukufuna munthu alisinthe. Achemwali, ine sindikutsutsa kuti Mulungu anakuuzani kulemba, koma chonde mawu amenewo musakawanene kwa mkonzi ngati chifukwa choti asakhudze kalikonse, amawamva tsiku lililonse ndipo akangowamva amadziwa kuti munthuyu kugwira naye ntchito kuvuta. Mulungu anakupatsani nkhani, koma kuti chaputala chachitatu chatalikitsa kapena kuti nkhani ya maliro mwaibwereza kanayi, zimenezo ndi zathu anthu, ndipo mutu umodzi susenza denga. Ine pa ntchito yanga ndinalandirapo zolemba za mayi wina zimene nkhani yeniyeni inkayambira patsamba 40, masamba onse a kutsogoloko anali mayina a makolo ndi midzi. Titamupempha kuti tiyambire pamene nkhani yayambira analira, anati tikumudula chiwalo, patapita miyezi anabwera yekha kudzanena kuti amayi a kumpingo kwawo akuliwerenga osalisiya. Mlaliki 12 imati mlalikiyo anasinkhasinkha ndi kufunafuna mawu oyenera, ndiye kukonza zolemba si kusowa chikhulupiriro.

China chofunika kwambiri pa buku ngati lanu, alamu anu ndi apongozi anu amene anakulandani katundu ali moyo, ana anu ndi magazi awo. Osindikiza aliyense wanzeru adzakufunsani za mayina. Sinthani mayina ndi zina zowazindikiritsa, lembani zokhazo zimene munaziona ndi maso anu, ndipo ana anu awerenge bukulo lisanatuluke. Mudzifunsenso moona mtima ngati pali ndime zimene munalemba kuti mubwezere, zimenezo owerenga amazinunkhiza msanga.

Nanga ku Wheaton mukatengako chiyani ngati buku ndi la Chichewa? Zambiri. Luso loyala nkhani silisankha chilankhulo, zimene mukaphunzire m'kalasi ya mabuku a moyo wa munthu mudzazigwiritsa ntchito pa Chichewa chomwecho. Mukhoza kudula kachidutswa kamodzi ka nkhani yanu, mawu 1,000 kapena 1,200 m'Chingerezi, n'kukaonetsa akonzi a magazini, amenewo ndi amene amafuna zolemba mwezi ndi mwezi ndipo alembi ambiri anayambira pamenepo. Komanso pa nthawi ya chakudya musamakhale panokha ndi foni, khalani patebulo la anthu osawadziwa, mnzanu wowerengerana naye zolemba mumamupeza pamenepo. Ndipo m'dera lomwelo muli bungwe la Media Associates International, ambiri amangoti MAI, ntchito yawo ndi kuphunzitsa alembi ndi osindikiza achikhristu a m'mayiko ngati athu kuti azilemba m'zilankhulo zawo. Amenewo nkhani ya buku la Chichewa aimvetsa msanga kuposa agent.

FUNSO: Zikomo Anti. Ndine mbusa wa mpingo wina waung'ono ku Mchinji. Ndinapita ku semina ya alembi achikhristu ku Lilongwe ndipo kumeneko ndinakumana ndi bambo wina amene ali ndi kampani yosindikiza mabuku. Anangoona maulaliki anga amene ndinawasonkhanitsa kwa zaka 12 nthawi yomweyo anati ndi buku labwino kwambiri, alitulutsa pa mwezi umodzi, koma ndilipire ndalama yonse ya makope 1,000 ndisanaone kalikonse. Ndikuganiza zogulitsa ng'ombe ziwiri. Amayi kunyumba akukana. Kodi umu ndi mmene zimakhalira?
Mbusa wa ku Mchinji

YANKHO: Abusa, amayi akunena zoona, ng'ombezo zisiyeni kaye m'khola.

Pali zinthu ziwiri zimene tonse timangozitchula kuti kusindikiza koma ndi zosiyana. Wosindikiza weniweni amawerenga zolemba zanu, mwina miyezi ingapo, akhoza kukana, akavomera amalipira yekha mkonzi, wojambula chikuto ndi makina, amagulitsa yekha bukulo ndipo inu amakupatsani royalty, ndiye kuti gawo lanu pa ndalama za mabuku amene agulidwa, ambiri amayendera cha m'ma 10 peresenti. Ndalama imachoka kwa iye kubwera kwa inu. Winayo ndi woti inu mumalipira zonse iye n'kukupulintirani, mabuku onse ndi anu, kugulitsa n'kwanu. Njira yachiwiriyi si tchimo ayi, kuno kwathu abusa ndi alembi ambiri amatulutsa mabuku motero chifukwa osindikiza ndi ochepa ndipo ambiri mwa iwo maso ali pa mabuku a sukulu. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti bamboyo wayamikira buku limene sanaliwerenge. Maulaliki a zaka 12 munthu sangawaweruze ataimirira pa tiyi wa semina. Munthu amene amavomera chilichonse bola walipidwa, mawu ake akuti buku ndi labwino alibe kulemera.

Ngati mukufunabe kuyenda naye mufunseni akuonetseni mabuku atatu amene anatulutsa kale, muwagwire m'manja, muone ngati masamba sakuthothoka, muwerenge tsamba limodzi muone ngati zilembo zili bwino, kenako akupatseni njira yolankhulira ndi eni mabukuwo muwafunse mmene zinayendera. Zonse zilembedwe pa kontirakiti, makope angati, pepala lanji, tsiku lotuluka, ndani akonze zolakwika, ndipo ndalama muzipereka pang'onopang'ono, gawo lomaliza mabuku ali m'manja mwanu. Musavomere kuti apulinte musanaone kope loyesera n'kulisainira. Umwini wa buku ukhale wanu ndipo mafayilo omaliza a pakompyuta akupatseni pa fulashi, chifukwa mukadzafuna kupulintanso kwina popanda mafayilo amenewo mudzayambiranso pachiyambi. Mufunsenso za ISBN, nambala ija imakhala kuchikuto chakumbuyo, kuno imaperekedwa ndi National Archives ku Zomba, komwenso lamulo limati kope la buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno lizikasiyidwa.

Makope 1,000 ndi ambiri kwa mpingo waung'ono. Werengani anthu enieni amene angatulutse ndalama m'thumba, osati amene angaombe m'manja pa tsiku lokhazikitsa buku. Masiku ano alipo makina opulinta makope ochepa, 50 kapena 100, buku limodzi limakwererapo mtengo inde koma simukhala ndi makatoni odyedwa ndi chiswe kuchipinda. Akatha mupulintanso. Mukumbukirenso kuti shopu ya mabuku ikakugulitsirani imadulapo gawo lake ndipo ambiri amalipira buku likagulidwa, osati polisiya.

Koma Abusa nkhani yaikulu ndi iyi, ulaliki ndi buku n'zosiyana. Paguwa muli ndi mawu anu, manja anu, kwaya, amen wa anthu, mukhoza kubwereza mfundo katatu anthu n'kumasangalala. Papepala zonsezo kulibe, wowerenga ali yekha mwina pa minibasi. Pa maulaliki a zaka 12 amenewo sankhani mutu umodzi umene anthu anu amabwera nawo kunyumba kwanu usiku, kaya ndi mantha a ufiti, kaya ngongole za katapila, kaya mabanja amene bambo anapita ku Joni osabwerako, mutenge maulaliki 8 kapena 10 okhudza zimenezo muwalembenso ngati mukucheza ndi munthu mmodzi pakhonde. Kabuku ka masamba 60 kotere kadzayenda m'manja mwa anthu kuposa chibuku cha masamba 400. Musankhenso Baibulo limodzi lotengamo mavesi, kaya Buku Lopatulika lija la 1922 limene akuluakulu analizolowera kapena Buku Loyera la 1998 limene Chichewa chake n'chapafupi, ndipo mulembe kutsogolo kwa buku kuti mavesi achokera m'menemo. Mukamaliza mupatse mphunzitsi wa Chichewa wa kusekondale awerenge, ndi munthu wina amene si wa mpingo wanu, woti sangaope kukuuzani pamene wagona tulo.

FUNSO: Anti ine ndine mtsikana wa zaka 23 ndimakhala ku Ndirande, ndimalemba ndakatulo ndi nkhani zachikhristu pa foni. Ndimafuna nditapitako ku misonkhano ya kunja koma ndalama ndilibe. Komanso ndimaopa kuonetsa anthu zolemba zanga kuti angandibere. Ndipange bwanji?
Mtsikana wa ku Ndirande

YANKHO: Mwanawe, za kuberedwazo usade nazo nkhawa kwambiri. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limakuteteza kuyambira pamene walemba, ndipo ukhoza kupita ku ofesi ya COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso, ukafunse mmene ungalembetsere ntchito zako. Uzidzitumizira wekha pa imelo chilichonse ukamaliza kuti tsiku lizioneka, izi zikuthandizanso foni ikatayika kapena ikafa, ndalandirapo makalata ambiri a ana olira kuti ndakatulo za zaka zitatu zapita ndi foni. Yeremiya 36 uiwerenge, mfumu Yehoyakimu inadula mpukutu ndi mpeni n'kuuponya pamoto, Yeremiya ndi Baruki anakhala pansi n'kulembanso, anawonjezeramo ndi mawu ena. Chimene ndimaona chikupha alembi achinyamata si akuba koma kubisa, munthu zaka zisanu osamva ndi mmodzi yemwe akumuuza kuti apa pakoma apa pakonze.

Za kunjazo, msonkhano umene ndingakuuze kuti uziuyang'anira ndi LittWorld wa bungwe la MAI ndatchula pamwambapa, umasonkhanitsa alembi, akonzi ndi osindikiza achikhristu a m'mayiko ambiri ndipo umasinthasintha malo, unachitikirapo ku Kenya, ku Singapore ndi ku Hungary. Amathandizako ena ndi ndalama koma amayang'ana munthu amene wayamba kale kuonetsa ntchito. Ya ku America pakadali pano ichotse m'maganizo, mu 2025 boma la kumeneko linayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia opempha viza yokacheza. Ndipo wina akakutumizira uthenga pa WhatsApp kuti wasankhidwa kupita ku msonkhano wa kunja umene sunalembetse, utumize kaye ndalama ya fomu, ameneyo ndi wakuba.

Yambira pomwe ulipo. Funsa za Malawi Writers Union, pita ku zochitika zawo ukaone anzako. Tumiza ndakatulo ku masamba a Chichewa a nyuzipepala za kumapeto kwa sabata, ku kalata ya mpingo wanu, ku mapulogalamu a ndakatulo pa wailesi. Peza anzako atatu kapena anayi muzikumana Loweruka limodzi pa mwezi mukatha kwaya, aliyense abwere ndi tsamba limodzi awerenge mokweza enawo anene zimene amva ndi pamene asokonezeka. Chilichonse chimene chatuluka uzisunga, dula pepalalo kapena jambula ndi foni ulembe tsiku, pofunsira thandizo la ulendo adzakufunsa zimenezo. Nditumizire ndakatulo ziwiri zimene umazikonda kwambiri kudzera ku ofesi ya magazini ino, ndiziwerenga ndipo ndikuyankha.